Kamisolo Yopanda Mfundo

Mpaka lero, juzi yonyowa ikamauma pa hita, fungo lake limandinyamula n'kukandikhazika m'fulati ya agogo aNabanda ku Ilford. Linali fungo la nkhosa yovumbwidwa ndi mvula, losakanikirana ndi la mankhwala opaka m'mawondo komanso nthunzi ya ketulo yomwe inkabwata tsiku lonse, osati chifukwa cha tiyi ayi, koma chifukwa cha ulusi. Agogowo ankazungulira m'mashopu a zovala zakale, kaunjika wa kuno, n'kumasankha majuzi a ubweya weniweni wa nkhosa. Akafika nawo kunyumba ankawamasula, n'kukulunga ulusiwo pamiyendo ya mpando wogadamika, kenako n'kumaudutsitsa pakamwa pa ketulo kuti makwinya awongoke. Mawindo ankatuluka thukuta, khoma la kuseri kwa sofa linachita nkhungu, ndipo m'nyumba monse munkangomveka kuti tche, tche, tche, singano ziwiri zikugundana, basi ikadutsa pamsewu makapu n'kumanjenjemera m'kabati.

Sanali agogo anga enieni. Ife tinkakhala pamwamba, iwo pansi, m'nyumba imodzi yakale imene mwini wake anaidula pawiri. Anabadwira pa famu ya fodya kufupi ndi Karoi ku Zimbabwe, makolo awo atachoka ku Dedza wapansi, ndipo ngakhale Malawi sanamuonepo ndi maso, Chichewa chawo chinali chokhwima moti amayi anga, omwe anakulira ku Harare, ankachita kusamala polankhula nawo. Ku London anabwera kudzalera zidzukulu. Zidzukuluzo zitakula, banja lonse linasamukira ku Australia, koma agogo anakana kutsatira. Ankati akalamba, sangayambenso kuloweza manambala a mabasi ena.

Ndisaname, sanali munthu wofewa. Sankapatsa mwana switi, sankadziwa kunyengerera, ndipo pamalo odikirira basi ankatha kugwira juzi ya munthu wosamudziwa, kuipinda m'mphepete n'kumayang'ana kuseri kwake, mwiniwake ali kukamwa yasa. Ine ndinkalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo. Akamaliza ankatsonya, n'kundiuza mokweza kuti imeneyo ndi ya makina.

"Kunja n'kwa anthu oona," ankatero. "Mkati ndi mwa thupi. Ukafuna kudziwa woluka, tembenuza."

M'nyumba mwawo munali malamulo awiri. Loyamba linali lakuti Chizungu chinkatsala pamasitepe pamodzi ndi nsapato. Ine ndinabwera kuno ndili ndi zaka zitatu, Chichewa ndinkamva koma ndinkayankha m'Chingerezi, ndipo ndikatero agogo ankagontha dala mpaka nditapeza mawu oyenera. Eni ake lamulolo pakamwa pawo sipankachoka "appointment" ndi "landlord", koma zimenezo mwana sankaloledwa kuziona. Lamulo lachiwiri linali la mfundo. Ulusi ukaduka, kapena mpira wake ukatha, agogo sankamanga. Ankamasula nsonga ziwirizo kuti zikhale nyankhalala, kuzinyowetsa ndi malovu, kuzisanjikiza, n'kuzifikisa pakati pa zikhato mwamphamvu mpaka zitatentha. Akatsegula manja, ulusi unkakhala umodzi, ndipo ngakhale utasisita ndi chala sukanapeza pamene unadukira. Tsiku loyamba kuona zimenezi ndinachita nyansi, ndinanena kuti "yuck", ndipo anandigogoda pamutu ndi singano.

Anayamba kundiphunzitsa kuluka ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, chifukwa chakuti ndinali mwana wosakhazikika ndipo ankati manja anga akusowa chogwira. Chimene ndinkasilira kwambiri chinali zingwe, maluko aja okwera mopotana pachifuwa cha juzi. Agogo ankati amafanana ndi chingambwe, fodya amene bambo awo ankapota okha kuseri kwa nyumba za antchito. Popota zingwezo pamafunika kasingano kachitatu kosungira masitichi pambali, koma iwo sankagwiritsa ntchito ka kusitolo. Anali ndi munga wa nungu, wa mizere yoyera ndi yakuda, umene anatola kufamu ali mtsikana, ndipo akakhala kuti sakuugwiritsa ntchito ankautsomeka m'duku. Zingwe sanandilole kuzigwira. Komabe pofika zaka khumi ndi chimodzi ndinali nditaluka sikafu yofiira, yaitali kuposa ine ndemwe, ndipo m'mutu mwanga ndinali katswiri wa Ilford yense.

Nyengo yozizira ya chaka chimenecho ndi imene ndikufuna kunena.

Amayi ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, bambo ankayendetsa basi. Kumayambiriro kwa Disembala amayi anagonekedwa kuchipatala cha ku Romford. Bambo anandiuza ali chiimire, akumanga zingwe za nsapato, kuti ndi "ka-operation kakang'ono" ndipo ndisamafunse zambiri. Tsiku limene anatuluka ndinathamanga pamasitepe n'kuwakumbatira pachifuwa monga ndinkachitira masiku onse. Amayi anakuwa. Kunali kukuwa kumene ndinali ndisanakumvepo, ndipo anandikankha ndi dzanja lamanja mpaka ndinagunda khoma. Bambo anandikalipira. Kuyambira pamenepo amayi anadzitsekera kuchipinda, atavala gauni yaikulu ya bambo, ndipo ndikalowa ndi tiyi ankatembenukira kukhoma n'kunena kuti ndiike patebulo.

Kwathu matenda a akulu sauza ana. Si nkhanza, ndi mmene anthu athu amatetezera mwana, koma mwana wosauzidwa sakhala wopanda nkhani, amangopeka yake. Yanga inali yakuti amayi asiya kundikonda. Ndinafufuza tchimo langa m'masiku onse a chaka chimenecho, ndinalipeza m'malo ambirimbiri, ndipo ndinayamba kutsuka mbale mosatumidwa poganiza kuti mwina zikonzeka. Sizinakonzeke. Khirisimasi inadutsa chitseko chili chotseka.

Masiku amenewo ndikaweruka kusukulu ndinkafikira kwa agogo. Kunja kunkada folo koloko isanakwane, magetsi a mumsewu akuyaka anthu asanaweruke kuntchito, ndipo ine ndinkalemba homuweki patebulo lodzaza ndi mipira ya ulusi. Tsiku lina agogo anang'amba kansalu kakatali m'mphepete mwa chitenje chakale, anatenga bolopeni, anakwera pamwamba n'kudzitsekera ndi amayi, ine atandituma mkaka umene sunali kufunika. Atatsika, kansaluko kanali ndi timizere tabuluu. Madzulo omwewo anatulutsa m'sutikesi juzi yotuwa ya malemu amuna awo, yofewa ngati khutu la mwana wa mbuzi, juzi imene ankaisunga m'pulasitiki ndipo sankalola munthu kuikhudza. Anaiyang'ana kanthawi, kenako anadula pakhosi n'kuyamba kumasula.

"Mukuluka chiyani?" ndinafunsa.

"Kamisolo ya amayi ako. Azivala pamwamba pa vesiti, pansi pa bulauzi. Kunjaku kukuzizira."

Ndinaseka. Kamisolo yoluka, ya zingwe ngati juzi ya m'busa! Ndani anaonapo? Agogo sanaseke nawo. Anati iyenera kutha Lolemba la sabata yachitatu lisanafike, chifukwa tsikulo amayi anali ndi appointment, ndipo anandiuza kuti ndiyang'ane buku langa.

Anailuka pang'onopang'ono kuposa china chilichonse chimene ndinawaonapo akuluka. Singano zinali zing'onozing'ono, zala zawo zinali zitatupa ndi nyamakazi, ndipo maso awo anali atayamba kuchita ng'ala moti ankasendeza mpando pansi penipeni pa babu. Mbali yakumanja inatuluka bwino, yofufuma ngati kambale, zingwe ziwiri zikukwera mpaka palamba wa paphewa. Koma atafika mbali yakumanzere ndinaona kuti zinthu zasokonekera. Inali yafulati. Inali yophatikiza kawiri, ya kathumba kotseguka m'mbali, ndipo sinkafanana ndi inzake ngakhale pang'ono. Ndinawamvera chisoni. Ndinadziuza kuti maso awapusitsa, ndipo poti ndi munthu wosafuna kuuzidwa, apereka chinthu chopotoka, amayi adzakhumudwa. Pansi pa chisonicho panalinso dyera langa: ndikakonza ine, amayi adzadziwa kuti ndine ndakonza, ndipo mwina adzatembenuka n'kundiyang'ana.

Mwayi unapezeka Lachinayi. Agogo anali ndi ulendo wa kuchipatala cha maso, ndipo anandisiyira kiyi pansi pa mphika wa maluwa ouma. Nditalowa sindinavule n'komwe jekete. Ndinasolola singano, ndinagwira ulusi n'kuyamba kukoka. Mizere yoyamba inamasuka mosavuta, ikuchita prrr m'manja, ndipo ndinkamva kukoma. Koma ubweya wofewa umagwirana. Pamene panali pophatikiza paja ulusi unakana, ndinakoka mwamphamvu, unapiringizana, ndinakokanso, unaduka. Ndinatenga sizasi kuti ndichotse popiringizana pokhapo, kenako pena, kenako penanso. Pofuna kubisa, ndinamanga zidutswazo mfundo zing'onozing'ono, zolimba, ndikukoka ndi mano, n'kuyamba kuluka msangamsanga kambale kofanana ndi kakumanja. Pamene kiyi wina ankalira pachitseko, ndinali nditaluka mizere isanu ndi umodzi yokhotakhota, ndipo ntchito ya masiku asanu ndi anayi inali mulu wa ulusi pamiyendo panga.

Agogo analowa akupapasa khoma. Anali atawathira mankhwala m'maso ndipo sankaona bwino, misozi ikungotsika yokha. Anakhala pampando wawo, anatambasula dzanja pamene ankasiya choluka chawo, ndipo ine ndinachiika m'manja mwawo. Anachitembenuza. Chala chawo chachikulu chinayenda mkati mwake pang'onopang'ono, chinaima, chinapitirira, chinaimanso. Ketulo inali itazima ndipo m'nyumba munali zii.

"Wamanga zingati?"

"I was fixing it."

"Chizungu pamasitepe."

"Ndimakonza, agogo. Munalakwitsa. Mbali iyi simafanana ndi inzakeyi. Ndi maso anuwa."

"Maso anga," anatero. Ndinadikira singano ya pamutu koma sinabwere. Anangokhala, choluka chili pamiyendo, nkhope ataloza kuwindo kumene sankaonako kanthu. Ine ndinayamba kulira ndisanakalipiridwe. Kenako anapumira m'mwamba ngati munthu amene wasankha kusenza katundu wa eni.

"Tiya, vula jekete. Khala pansi apa."

Ndinakhala pakapeti, pafupi ndi mapazi awo.

"Sindinalakwitse. Mbali ziwirizi sizikufanana chifukwa amayi ako sakufanananso. Kuchipatala kuja anawachotsa bere lakumanzere. Pamene unawagunda tsiku lija pali bala lochokera apa mpaka m'khwapa." Anajambula mzerewo ndi chala pa juzi yawo. "Matendawo dzina lake ndi khansa. Bambo ako salitchula, amayi ako salitchula, ku church timangoti matenda aja. Ine ndalitchula, ndipo waona, denga silinagwe."

Sindikumbukira kuti ndinaganiza chiyani. Ndimakumbukira kapeti, maluwa ake abulauni, ndi kadontho ka phula la kandulo kamene ndinayamba kukakanda ndi chikhadabo.

"Is she going to die?"

Nthawi imeneyo yokha Chizungu changa anachilola kulowa.

"Sindikudziwa. Amene angakuuze kuti akudziwa akukunamiza. Chimene ndikudziwa n'chakuti Monday ayenera kuyamba treatment, ndipo akukana. Akuti sangakwere basi anthu akuwayang'ana mbali imodzi ili pululu. Bra ya ku shop ikuwadula pabala, ndipo mphepo ikawomba chipseracho chimaluma ngati mano. Kathumba kamene waphwasulaka n'koikamo kapilo, kuti akavala jasi asaoneke. Anandilonjeza kuti ndikamaliza apita. Tsono iwe wandiikira mfundo pamene pakagone bala."

Ndinalira kwambiri, kulira kwa mamina ndi ntchofu. Agogo sanandisisite. Anandisiya mpaka nditatopa, kenako anandipatsa kansalu kopukutira mbale.

"Wamaliza? Masula mfundozo. Usadule, ulusi ndi womwewu, mwini juziyi sadzabweranso kudzatipatsa ina."

Zinali khumi ndi zitatu. Ndinazimasula ndi nsonga ya singano, zina zinanditengera nthawi yoti munthu n'kuphika tiyi n'kumwa. Nditamaliza, agogo anatenga nsonga ziwiri zoyamba, anazibweretsa kukamwa, kenako anapukusa mutu. Mapiritsi a BP anali atawaumitsa m'kamwa.

"Malovu anga anatha. Lavula iwe."

Ndinalavulira m'chikhato changa, ine yemwe uja wa "yuck", ndinasanjikiza nsongazo n'kufikisa. Koyamba zinalekana. Kachiwiri zinalekananso. Agogo anagwira manja anga ndi awo, okhakhala ndi otupa m'mfundo za zala, n'kuwafikisa mwamphamvu mpaka ndinamva moto pakati pa zikhato. Nditatsegula, ulusi unali umodzi. Anausisita, anaukoka pang'ono pafupi ndi khutu ngati akuumvetsera, n'kunena kuti, "Ina."

Nditakwera pamwamba madzulo amenewo maso anga ananena zonse. Bambo anandiyang'ana kamodzi, anandifunsa mafunso awiri, n'kutsika masitepe. Ine ndinakhala pasitepe yapamwamba ndikumvetsera. Bambo anali munthu waulemu ndipo sanakweze mawu.

"Agogo, mwana uja ndi wa eleven. Sizinali zanu zimenezi."

"Zoona, bambo a Tiya, sizinali zanga. Zinali zanu. Koma masabata asanu apita, mwana akungotsuka mbale ngati wapalamula."

"Kwathu sititero."

"Kwathu n'komwe ndinachokera inenso. Kumeneko mwana amakhala ndi azakhali, ndi agogo, ndi anzake a pabwalo, wina amamunong'oneza. Kuno ali ndi khoma. Ndikhululukireni ngati mungathe, koma ndili ndi ntchito."

Bambo anakwera masitepe, ndipo kuchokera tsiku limenelo sanapondenso pakhomo pa agogo. Ankapatsana moni wa pamsewu basi. Choopsa kwa ine chinali chakuti chitseko cha amayi chinakhalabe chotseka. Ndinkadziwa kuti amva zonse, nyumba ija inali yosasunga chinsinsi, koma Lachisanu linadutsa, Loweruka linadutsa, osandiitana.

Masiku atatu amenewo tinaluka ngati anthu olipidwa. Agogo ankapota zingwe za kunja, munga wa nungu ukulowa ndi kutuluka, milomo ikuwerenga chamumtima. Ine anandipatsa nsalu ya mkati, yosalala, yopanda luso lililonse, ndipo mzere uliwonse ankauyendera ndi chala asanandilole kupitirira. Kawiri anandimasulitsa. Zala zawo zinkauma moti ankaziviika m'beseni la madzi otentha, kuzipukuta, n'kuyambiranso, ndipo Lamlungu sanapite kutchalitchi, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Madzulo a tsikulo, titatsala ndi lamba wa paphewa lakumanzere yekha, ulusi wotuwa unatha. Sizasi yanga ija inali itadya wokwanira lamba mmodzi.

Agogo anangoyang'ana pa chitseko pamene ndinakoleka sikafu yanga yofiira. Inali ya ubweya weniweni, anandipatsa okha. Ndinaitenga, ndinapeza nsonga yake, ndipo ndinamasula ndekha. Ulusi wofiira ndi wotuwa ndinaulumikiza m'chikhato changa, ndipo nthawi imeneyi unagwirana koyamba komwe.

Lolemba m'mawa kunja kunali chisanu chochita kuyera pamagalimoto. Ndinali nditavala yunifolomu, ndikudya buledi chiimire, pamene ndinamva mawu kuchokera kuchipinda, otsika, osasa ngati a munthu amene wakhala nthawi osalankhula.

"Tiya. Bwera. Tseka chitseko."

Amayi anali atakhala m'mphepete mwa bedi, gauni ija ili pambali, atavala vesiti yoyera yokha. Mbali imodzi ya vesitiyo inkangolendewera. Anali ataonda, ndipo m'chipindamo munkanunkha mankhwala ndi zofunda zosayanikidwa. Kamisolo ija inali pamiyendo pawo, ataitembenuza, akuisisita mkati.

"Mkono uwu sukukwera," anatero. "Ndithandize."

Ndinalowetsa dzanja lawo lamanzere pang'onopang'ono, ndikuopa ngakhale kupuma. Ndinakokera lamba paphewa, ndinaika kapilo m'kathumba monga agogo anandionetsera, n'kumanga mabatani asanu a kutsogolo kuyambira pansi. Amayi anatseka maso. Anapuma kamodzi mozama, ngati akudikira ululu, koma ululuwo sunabwere. Atatsegula maso anaona lamba wofiira uja pagalasi.

"Iyi si scarf yako iyi?"

"Ndi yanga."

Anandiyang'ana. Kanali koyamba m'masabata asanu ndi limodzi. Kenako anatambasula dzanja lamanja.

"Bwera mbali iyi. Kunoku kulibe bala."

Pamwamba pake tinaika bulauzi, juzi, jasi. Agogo anali akudikira pansi pa masitepe atavala kale chipewa chawo, ndipo tinayenda atatu mpaka podikirira basi, amayi pakati. Basi isanafike agogo analowetsa dzanja m'jasi la amayi, pamaso pa anthu onse, kuti amve ngati lamba sakukanda. Amayi anati, "Ah, agogo, pamsewu?" ndipo anaseka pang'ono. Basi itafika, anakwera. Palibe amene anawayang'ana kawiri.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pamenepo. Kamisolo ija sinachiritse munthu. Amayi anaivala nyengo yozizira imeneyo ndi yotsatira yake, ndipo m'chaka chachiwiricho agogo anaichepetsa kawiri chifukwa inkangokulirakulira pathupi pomwe pankatha. Koma miyezi yonseyo mabatani ankamanga ndine. Ndinkadziwa tsiku la mankhwala, ndinkadziwa tsiku losanza, ndinkadziwa pamene madokotala anasiya kulankhula za kuchira. Tinakambirana zambiri pabedi lija, zina zopanda pake, zina zimene ndikudyabe mpaka lero. Anamwalira mu Febuluwale ndili ndi zaka khumi ndi zitatu. Bambo ankafuna kutumiza thupi ku Harare, koma amayi anali atanena kale kuti awaike pamalo pamene mwana wawo angafike pa basi.

Kutatsala tsiku limodzi kuti tiike maliro, agogo anakwera masitepe athu, akupuma pa sitepe iliyonse. Amayi a kutchalitchi ankapita kukasambitsa ndi kuveka thupi, ndipo ine, poti ndinali mwana, sindinkaloledwa. Zovala za malemu zimagawidwa kwa abale pambuyo pake, koma zamkati sizigawidwa. Ine ndinali nditadziwiratu zimenezo, ndipo kamisolo ija ndinali nditaibisa pansi pa pilo wanga, chifukwa inkanunkhirabe amayi. Agogo anapereka moni kwa bambo, bambo anawapatsa mpando, koyamba m'zaka ziwiri. Kenako anatembenukira kwa ine n'kutambasula dzanja.

Ndinakana. Ndinanena kuti ndi yanga, muli sikafu yanga, muli malovu anga. Ndinanena mawu ena oipa m'Chingerezi amene sindingawabwereze.

"Ndamva," anatero agogo. "Koma dothi la kuno n'lozizira, Tiya. Tiwatumize ndi vesiti yokha?"

Ndinakaitenga.

Chaka chomwecho tinasamukira ku Romford. Si kutali, ndi ulendo wa basi imodzi, koma kwa agogo ndinapitako katatu kokha. Ndikangotsegula chitseko chawo, fungo la ubweya wonyowa linkandichititsa kufuna kuthawa. Ulendo womaliza anali atasiyiratu kuona, akuluka mabulangete a timabokosi chifukwa zingwe zinali zitawakanika, ndipo anandifunsa ngati ndikulukabe. Ndinanama kuti eya. Anagwira zala zanga, anazisisita kunsonga, n'kutsonya. Anamwalira ndili ku yunivesite, kunyumba yosamalira okalamba, ndipo ndinamva maliro ataikidwa kale. Mayi wina wa kutchalitchi anandibweretsera envulopu yakale, yopanda kalata, mkati muli munga wa nungu. Munthu amene anataya ubale ndi bambo anga kuti ine ndisataye amayi anga ndili m'chimbulimbuli, ndinamusiya afe yekha patali pa basi imodzi. Zimenezi zimandiwawa, ndipo ndasiya kuyembekezera kuti zidzasiya.

Pano ndili ndi mwana wanga wamkazi, Chikondi, wa zaka khumi. Chifukwa cha matenda a amayi, kuchipatala amandiyeza chaka chilichonse, ndipo zaka zonsezi kalata yawo yakhala ya mizere iwiri. Ya sabata yatha inali yaitali. Akuti ndibwerenso, pali kanthu kumanzere kamene akufuna kukaonetsetsa. Mwina si kanthu. Amuna anga anati tidikire kaye, tisamuopseze mwana, ndipo ndinavomera. Koma dzulo Chikondi atandifunsa chifukwa chimene sindikapita kuntchito Lachitatu, ndinamva pakamwa panga pakutuluka mawu akuti "ka-appointment kakang'ono", ndipo anali mawu a bambo anga enieni, ndi kamvekedwe kake komwe. Mwanayo anangoti "okay". Patapita kanthawi ndinamva madzi akutuluka kukhitchini. Ankatsuka mbale, wosatumidwa.

Ndinatsegula diroo, ndinatulutsa envulopu ija ndi mpira wa ulusi umene wakhala zaka osakhudzidwa. Ndinamuitana kuti asiye mbalezo, abwere akhale pansi. Anabwera akupukuta manja pa siketi, akufunsa m'Chingerezi ngati walakwa kanthu. Ndinamuuza kuti sanalakwe chilichonse. Ndinadula ulusi, ndinamupatsa nsonga ziwirizo kuti manja ake akhale ndi chogwira, kenako ndinamuuza chimene akukafufuza Lachitatu, ndi dzina lake lomwe.